Edina Anali Pakhonde

Amayi, kumene mulikoko mukupezako bwanji? Kuno tilipo, ngakhale masiku ano mawu amenewa ndikuwatchula mosamala. Ndikulemba ndili m'kalasi mwanga pa Njuli. Ana aweruka, ndatseka chitseko, panja pali chiperoni ndipo phiri silikuoneka chiyambire Lolemba. Ndili ku koleji, amene ankakuwerengerani makalata anga anali mlongo wanga Edina, inu mukutong'ola chimanga, n'kumamuuza kuti abwereze pamene ndalemba za chakudya. Kalata ino sindikudziwa kuti akuwerengerani ndani. Ndikafika pa funso limeneli ndimalisiya msanga.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati nkhani yoipa izidikira panja mpaka yabwino ikhale pansi. Lute, mwana woyamba wa Edina, anabereka mwana wamkazi mu Meyi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe chija. Akamayamwa amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira polawa ndiwo za mpongozi wanu. Chimanga chinachitako bwino kumunda wa kumtunda, koma wa kudambo madzi anaima, sitinapezemo kanthu. Nandolo wayamba kuuma, ogula ayamba kale kuzungulira ndi masikelo awo. Kalongonda wanu sitinamutaye, alipo m'mphepete mwa munda, kungoti palibe amene ali ndi mtima womuphika tsiku lonse monga munkachitira inu. Denga la khitchini linagwa ndi mvula ya mu Febuluwale, ndinalikonzetsa. Mbuzi yanu ya mawanga inaswa ana awiri, mmodzi anatengedwa ndi fisi. Ine kusukulu anandikweza, ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ku mpingo ndidakali mlembi wa bwalo la akulu.

Zabwino zathera pamenepa.

Edina akudwala, amayi. Chifuwa chinamuyamba chaka chatha nthawi yokolola, ndipo sichinamusiye. Wagonekedwa kawiri ku chipatala cha ku boma. Ulendo wachiwiri, pomutulutsa, adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti tizimupatsa chilichonse chimene wachilakalaka. Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndikudziwa mmene munthu amalankhulira akamazemba mawu. Pano ali m'nyumba mwanu, pa bedi lanu lija, Lute akumusamala. Mkono wake ndikhoza kuuzunguliza ndi zala ziwiri.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si imfa yokha. Edina akamwalira sabata ino, mpingo sudzamuimbira, ndipo wachititsa zimenezi ndine.

Inu maliro anu simunawaone, ndiye ndikuuzeni. Panabwera makwaya atatu. Amayi a mpingo atavala zoyera anandanda kuchokera pakhomo mpaka pa mtengo wa mango wa kunjira, pabokosi panu atayala nsalu ya mtanda. Nyimbo sinaduke mpaka kumanda. Munthu wodulidwa mu mpingo, mukudziwa, salandira zimenezo, ngakhale atakhala kuti ali m'kalasi ya obwerera koma sanabwezeretsedwe. Pamabwera mkulu wa mpingo mmodzi, kupemphera mwachidule, n'kumapita. Bokosi limanyamulidwa mwakachetechete, kumangomveka mapazi, kenako makasu. Maliro otere ndapemphererapo kangapo. Ndinkati ndi chenjezo labwino kwa otsala.

Edina anadulidwa patangotha miyezi inayi chikuikireni m'manda, pa mlandu wa kachasu. Nkhani ya kachasuyo mukuidziwa kuposa ine. Chinali chaka cha njala chija, bambo a ana ake atapita ku Limbe osabweranso, inu muli chigonere, ine ndili ku Zomba ku maphunziro owonjezera, kumangotumiza moni. Edina anabwereka mbiya n'kuyamba kutcheza kuseri kwa nyumba, m'nthochi muja. Utsi ukamalowa pawindo inu munkatembenukira kukhoma. Nditabwera patchuthi ndinakufunsani ngati mukudziwa zimene zikuchitika pakhomo panu, ndipo munandiyankha osanditembenukira, Mulungu mukumutchula m'Chilomwe chanu: "Muluku akuiona mbiya, koma akuonanso mimba za ana." Tsiku lomwelo Edina anandiphera nkhuku. Ndinadya, ndinapemphanso msuzi, ndipo sindinafunse kuti m'chaka chotere nkhuku yachokera kuti.

Kalata yomuitanira ku bwalo ndinalemba ndine, chidindo ndinadinda ndine. Lamulungu lotsatira dzina lake ndinaliwerenga ndine kutsogolo kwa mpingo wonse, ndipo mawu anga sananjenjemere. Potuluka anthu anandigwira chanza ndi manja awiri. Ena ankati, "Mlembi ameneyu sakondera, wadula mlongo wake weniweni." Nthawi imeneyo ndinkati ndasenza mtanda.

Chaka chatha Edina anabweza mbiya ija kwa eni ake, ndipo mu Januwale analowa kalasi ya obwerera. Lamulo lathu mukulikumbuka. Munthu amabwera Lamulungu lililonse mapemphero asanayambe, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Amaloledwa kujomba katatu. Akapitirira apo amayambiranso pachiyambi. Woitana mayina ndi kuchonga m'buku ndi mlembi. M'buku langa Edina wajomba kasanu. Katatu ndi koona, anali kuchipatala. Kawiri kenako, amayi, ndi kamene ndikufuna ndikuuzeni, chifukwa kupatula iye mwini sindinauze munthu wina aliyense.

Anali Malamulungu awiri otsatizana, kumapeto kwa Meyi. Mtunda wochokera pakhomo panu kukafika kutchalitchi, umene inu munkauyenda mutasenza mtolo wa nkhuni osaima, iye ankapumira kanayi. Ankafika mayina nditaitana kale. M'chipinda sankalowa, ankaopa kutsokomolera anzake. Ankakhala pakhonde, pansi pa windo lopanda galasi lija, atafunda chitenje chanu chobiriwira, n'kumamvetsera phunziro lonse mpaka pemphero lotsekera. Ndinamuona. Ulendo woyamba ndinamuona, wachiwiri ndinamuonanso, ndipo ndinkamva chifuwa chake pakati pa mawu anga. Maulendo onse awiri ndinalemba kuti wajomba.

Ndinauza mtima wanga kuti dzina likaitanidwa munthu aziyankha, monga kusukulu. Ndinauuzanso kuti akanakhala mwana wa munthu wina ndikanachita chimodzimodzi. Limeneli ndi bodza. Agogo ena a kutsidya kwa mtsinje ankachedwa pafupifupi sabata iliyonse chifukwa cha mwendo, ndipo ine ndinkasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Mwafika, agogo? Ndakuchongani." Chifundo ndinali nacho. Ndinkangochimana munthu mmodzi, chifukwa ndikanamupatsa iyeyo anthu akanasiya kunena kuti mlembi sakondera.

Mu Juni bwalo linakhala kuti lione mayina a obwezeretsedwa Mgonero usanafike. Titafika pa dzina la Edina, a Namakhwa, mkulu wa mpingo uja munkati amayamba nyimbo pamwamba kwambiri, anaimirira ndi ndodo yawo. Anati, "Abusa, mwanayu akudwala, tonse tikumuona. Kachasu anasiya, m'mudzi monse angachitire umboni. Kodi wodwala timuwerengere masabata ngati tikuwerenga mizere ya ganyu? Tiyeni timulandire akadali ndi pakamwa polandirira." Anthu angapo anavomereza ndi mitu. Abusa anatembenukira kwa ine n'kuti, "A mlembi, buku likuti chiyani? Paja ndi mlongo wanu ameneyu."

Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete. Ndinati, "Abusa, buku likuti wajomba kasanu. Ndipo pabwalo pano ine ndilibe mlongo."

Kenako wina kumbuyo ananong'ona kuti chikhristu ndi chimenechi. A Namakhwa anakhala pansi n'kumayang'ana chipewa chawo. Dzina la Edina linabwerera pachiyambi, kuti adzaonedwenso mu Disembala.

Amayi, zinandikomera. Mzere umenewu ndaulemba n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Pobwerera panjinga mawu aja ndinkawabwereza mumtima njira yonse mpaka pa Njuli, ndipo nditafika ndinawafotokozera mpongozi wanu monga ndinawanenera, ndi batani lomwe. Iye ankasita malaya anga. Anangotembenuza malayawo n'kupitiriza kusita.

Inu munandiphunzitsa kupemphera, koma zambiri ndinawonjezera ndekha. Ndimadzuka tambala woyamba kuti ndipemphere. Mawu a Mulungu ndimawawerenga kuchokera koyamba mpaka kumapeto chaka chilichonse, ndikuchonga ndi pensulo pamene ndalekezera. Lachitatu lililonse ndimasala kudya. Mowa sindinaulawepo, mkazi wa mwini sindinamuyang'anepo kawiri. Zimenezi ndinkaziyesa mpanda umene ndamanga kuti Satana asalowe. Sabata ino ndakhala ndikuuyendera mpandawo ngati mmene ndimayendera makope a ana, ndipo ndapeza zinthu. Lachitatu, nthawi ya tiyi, ndikhoza kukhala m'kalasi mwanga. Koma ndimapita m'chipinda cha aphunzitsi n'kukakhala pampando wa pafupi ndi ketulo, pamene kapu iliyonse imadutsa, kuti wina andipatse, ine ndikane. Ndachita zimenezi zaka zambiri osadziona. Inu munkasala kudya tsiku limene ufa wachepa, n'kumatiuza kuti mwadya kale kumunda. Palibe anakuyamikanipo, chifukwa palibe ankadziwa. Ine ndazindikira nditakula.

Munkakonda kunena kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndinkayesa mukunena atsikana a ku Limbe.

Chimene chikundiopsa kwambiri n'chakuti sindinamve kuti ndikuchimwa. Woledzera m'mawa mwake amadziwa, mutu umamuuza. Edina potcheza kachasu ankadziwa, n'chifukwa chake ankabisala m'nthochi. Ine tsiku lotsatira bwalo lija ndinadzuka wopepuka, ndinagwada, ndinathokoza Mulungu kuti wandipatsa mphamvu yoima pachoonadi. Ngati munthu angathe kunama m'buku la mpingo n'kuthokozerapo Mulungu, ndiye adzadziwa bwanji tsiku limene watayika? Mu Juni ndinadya Mgonero ndi dzanja lomwe lija linachonga. Ndimayang'ana mayina ena amene ndawawerenga kutsogolo zaka zonsezi, ndipo sindikudziwanso kuti ndi angati ndinawawerengera Mulungu, ndi angati ndinawawerengera chanza cha pakhomo.

Maso anga sanatseguke ndi ulaliki. Lamulungu lapitali nditatuluka m'tchalitchi ndinapita kukamuona Edina, nditatenga shuga ndi malalanje. Ndinagwada pambali pa bedi n'kupemphera. Nditati ameni anatsegula diso limodzi n'kuti, "Achimwene, pemphero lanu lili ndi zigawo ngati mayeso a sitandade eyiti. Mulungu amaliza liti kuchonga?" Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Pakamwa pake mukupadziwa, matenda sanapagwire. Atapuma anati, "Ndikapita musavutike ndi za kwaya. Amayi aja ndinkatcheza nawo kachasu ati adzabwera, adzandiimbira za Chilomwe, ndipo amaimba bwino kuposa a Namakhwa. Koma ndimati ndifunse. Paja pa maliro ngati angawa mkulu wa mpingo amapemphera n'kumapita. Nanga inuyo mudzadikira mpaka akwirire?"

Sankandinyoza. Ankafunsa ngati mmene munthu amafunsira kuti basi inyamuka nthawi yanji. Ndinasenda lalanje n'kumupatsa, ndipo ndinabwerera ku Njuli njinga ndikuikankha.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinaphunzitsa ngati munthu wogwidwa malungo. Aliyense wa kabaza akaima pa geti la sukulu, ndimati wabwera ndi uthenga. Dzulo nditaweruka ndinapitanso. Ndinamupempha Lute kuti atuluke ndi mwana. Ndinakhala pansi, osati pampando, n'kunena kuti, "Edina, Malamulungu awiri aja unakhala pakhonde, ndinakuona. Ndinalemba kuti wajomba. Ndikanalemba zoona bwenzi utabwezeretsedwa mu Juni."

Anayang'ana kudenga. Kenako anati, "Ndikudziwa, achimwene. Ndinakuonani mukundiona."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere, poti a Namakhwa akanamumvera, ndi anzake a m'kalasi akanamuchitira umboni. Anati, "Ndikanene kuti chiyani? Kuti mlembi wanama? Amayi anagulitsa mbatata zaka zonse zija kuti pamtundu pathu pakhale munthu mmodzi wopanda banga. Ine langa linali kale poyera. Ndinati mmodziyo atsale." Atatero anapempha madzi, n'kundiuza kuti ndisalire mokweza, mwana angadzuke.

Ndiye onani, amayi. Miyezi iwiri yonseyi dzina langa labwino lakhala likusungidwa ndi munthu amene ndinamudula, ndipo walilipirira ndi nyimbo za pa maliro ake. Ine ndimayenda nalo m'misewu nditamanga batani.

Lero m'mawa ndinatsegula bukulo ndili ndi lezala m'manja. Dzanja langa mukulidziwa, ndikhoza kupala inki osaboola pepala. Ndikanapala zizindikiro ziwirizo, n'kupita kwa abusa kukanena kuti ndinawerenga molakwa, mizere inandisokoneza. Edina akanabwezeretsedwa, ine n'kutsala mlembi wosakondera amene wangophonya kuwerenga. Aliyense akanapindula, ndinadziuza choncho, ndipo maganizowo anabwera mofatsa, mwaulemu, ngati ochokera kwa Mulungu. Ndinawazindikira chifukwa mawu ake ndi omwe aja anandiuza mu Meyi kuti dzina likaitanidwa munthu aziyankha. Lezala ndinaliponya m'chimbudzi cha sukulu kuti ndisalipezenso. Koma pakamwa sindingapaponye, ndipo ndikuopa kuti ndikakaima pamaso pa abusa, iwo n'kundimwetulira monga amachitira, mawu akuti "ndinawerenga molakwa" adzatuluka okha.

N'chifukwa chake ndalemba kalatayi, kuti zoona zake zikhale penapake ndisananyamuke. Abusa sabata ino ali ku nthambi ya mpingo kupitirira kwa Mpama, ndipo kumeneko kulibe foni. Ndapempha tchuthi cha mawa kwa mphunzitsi wamkulu. Matayala ndapopa, unyolo ndathira mafuta. Kukangocha ndinyamuka ndi buku, ndikawaonetse mizere iwiriyo n'kunena kuti ndinamuona ndipo ndinalemba dala. Podutsa ndiima kwa a Namakhwa kuti ndiwauze iwo poyamba, tipite limodzi ngati mwendo wawo ulola, chifukwa pamaso pa munthu amene ananena zoona tsiku lija lilime langa silingapotoke mosavuta. Abusa akavomera, akhoza kuitana akulu atatu, bwalo n'kukhala pakhomo panu pomwepo Loweruka, Edina n'kulandira Mgonero ali pabedi. Zinachitikapo kwa ena.

Za ine zidzabwera pambuyo. Buku adzandilanda, zimenezo n'zosakayikitsa. Mwina adzandidula, ndipo dzina langa lidzawerengedwa kutsogolo, ana a sukulu amene amapemphera nafe akumva. Ndidzakakhala pa benchi ya obwerera wina akuitana mayina. Koma ndadzipezanso kawiri lero ndikukonza mawu amene ndidzanene pa bwalo, ndikuwasalaza kuti adzamveke bwino, anthu adzati mlembi uja walapa mogwira mtima. Chinthuchi sichinafe, amayi, chimangosintha malaya. Ndaganiza kuti ndikanene mawu ochepa, buku lilankhule lokha.

Chimene sindingathe kukonza ndi masiku. Lero ndi Lachinayi. Dzulo Edina anamwa phala masipuni atatu okha, ndipo mapazi ayamba kutupa. Lute akuti nthawi zina amakuitanani ngati muli m'chipinda momwemo. Ine ndinaphunzira kuti akufa sitiwapempha kanthu, ndipo ena ndawadzudzulapo chifukwa cha zimenezi. Koma ngati akuitanani, musamuyankhe msanga. Ndikungofuna Loweruka.

Ngati ndichedwa, funso lake lija ndinalephera kumuyankha, ndiye ndikuyankha kwa inu, ndipo mawa ndikamuyankha iye mwini ndisanapitirire kwa Mpama. Sindidzapemphera n'kumapita. Ndidzanyamula nawo bokosi, ndidzakhala mpaka khasu lomaliza. Kwaya ikapanda kubwera, nyimbo ya mpingo ndidzaiyambitsa ndine, ndi mawu anga osakoma omwewa, pakati pa amayi otcheza kachasu, ndipo wofuna kulemba dzina langa adzalembe. Limeneli ndi lonjezo, amayi. Mundigwire nalo.

Ndimakukondani, ndipo ndikuchita mantha.

Ndine mwana wanu,
Laisoni